Chidutswa Chilibe Mwini

Telala ankasesa dzuwa litapendeka, nthawi imene nkhuku zimayamba kusuzumira m'mwamba kufuna pogona. Inali ntchito yake yotsekera tsiku: kuphimba makina, kukhuthula makala a m'simbi, kenako kukusa tizidutswa ta nsalu togwa pansi pa tebulo n'kutiponya m'thumba la kuseri kwa chitseko. Anali mayi wamasiye, wolusa pakamwa koma wofewa m'kati. Ana ake akuluakulu anali atakwatiwa kutali, ndipo m'nyumba anatsala ndi kamtsikana kake komaliza, Mzime. Mudzi wonse unkavala zotuluka m'manja mwake. Kasitomala akafunsa nsalu yake yotsala, Telala ankayankha osatukula ndi mutu womwe: "Chotsala chachikulu tengani. Koma chidutswa chilibe mwini."

Thumbalo likadzaza linkatengedwa ndi Mayi Wazopondera, mkazi amene Dalaivala anakwatira mkazi wake woyamba atamwalira. Mayiyu ankadula zidutswazo kukhala timizere, n'kumatilowetsa ndi kawaya m'chiguduli, kamodzikamodzi, mpaka chituluke chopondera cha pakhomo chamawangamawanga. Zina ankagulitsa, zambiri ankangopatsa anthu. Anali munthu wa pakamwa pa uchi, woyamba kufika pa maliro, womaliza kuchoka, ndipo panalibe nyumba imene sinkamutamanda.

Madzulo amenewo, tsache litafika pakhomo, Telala anaona mapazi awiri afumbi ataima pambali pa chopondera chake chakale. Atakweza maso anapeza mtsikana wowonda, wa msinkhu wa sekondale, atanyamula kachikwama kothothoka zipi. M'dzanja linalo anali atafumbata kansalu kabuluu ka madontho oyera. Telala anakazindikira pomwepo. Kanali kong'ambika ku duku la Mayi Wazopondera, limene analipendera yekha.

"Si iwe mwana wa a Dalaivala?"

"Ndine, amayi."

"Nanga chikwamachi?"

"Andithamangitsa."

"Bambo ako akudziwa?"

"Ali pa ulendo. Akabwera amvera za akazi awo."

Telala ankadziwa chifukwa chake, monga mmene aliyense ankadziwira. Mudziwo unali utaika anthu awiri motsatizana, ndipo onse anafa imfa yosamveka mutu wake. Woyamba anali Butchala, chimunthu chimene chinkagwetsa ng'ombe chokha. Anayamba kudandaula kuti pachifuwa pake pakuyenda anthu. Achipatala anamupima n'kumuuza kuti alibe kanthu, koma iye ankabuula nthawi iliyonse imene munthu walowa m'nyumba kudzamuzonda, ndipo ozonda akachuluka ndi pamene ankatheratu. Amene anasambitsa mtembo wake ananong'ona kuti pachifuwa panali fumbi, ndipo akalitsuka linkabwereranso. M'chipindamo munkanunkha nsalu yopserera, ngati wina waiwala simbi pa malaya.

Wachiwiri anali Mphunzitsi. Matenda omwewo, fumbi lomwelo, fungo lomwelo. Koma ulendo uno panali mboni. M'bandakucha wa tsiku limene anamwalira, mkazi wake atatsegula chitseko anapeza mwana wa Dalaivala atanyonyomala pakhomo, zala zili m'chopondera, maso ali tong'o. Atamufunsa, mtsikanayo anangotsokomola n'kuliyatsa liwiro. Kuchokera tsiku limenelo dzina lake lenileni linafa. Ana ndi akulu omwe anayamba kumutchula Kadzidzi.

Nzeru zinkamuuza Telala kuti atseke chitseko. Koma kunja kunkada, mphepo inali itayamba, ndipo milomo ya mtsikanayo inali youma gwa, kusonyeza kuti sanalawe kanthu tsiku lonse. Telala nayenso anakula ndi mayi womupeza, choncho ankadziwa kulemera kwa kachikwama kotero. Chisoni chinamugwira, ndipo anadzida chifukwa cha chisonicho.

"Lowa," anatero mokalipa. "Koma udziwiretu, ine sindiweta mfiti."

Mtsikanayo analowa, koma sanaponde chopondera. Anachita kuchilumpha. Telala anaona, n'kusunga mumtima.

Kutacha, Alamu anafika nkhuku zisanamalize n'kutsika komwe. Anali mlongo wa malemu mwamuna wa Telala, ankagulitsa tomato tsidya la msewu, ndipo m'mudzimo simunkagwa singano iwo osamva.

"A Telala, mwapenga kodi? Kadzidzi wagona muno?"

"Wagona. Munkafuna agone m'mtengo?"

"Chisoni chidapha nkhwali, ndakuuzani."

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Wa mnzako, eya. Uyu ndi wa mdima. Muli ndi Mzime m'nyumba muno, mwaiwala?"

Telala anayankha ndi makina, kuwapalasa mwamphamvu mpaka Alamu anachoka akupukusa mutu. Koma mawu okhudza Mzimewo anamulowa, ndipo sanatulukenso.

Kunena zoona, Kadzidzi sanali mlendo wovuta. Ankatunga madzi asanatumidwe, ankaika mabatani mowongoka kuposa Telala mwini, ankadya pang'ono n'kuthokoza kwambiri. Mzime anamukonda tsiku lomwelo. Ankamutchula asisi, n'kumakhala pakati pa miyendo yake kuti amuluke tsitsi. Mwana wina aliyense akanatero, Telala akanati Mulungu wamutumizira thandizo. Koma munthu ukamukayikira, ngakhale kuseka kwake kumamveka ngati akubisa kanthu.

Ndipo zokayikitsa zinalipo. Mtsikanayo sankaponda chopondera, cha pakhomopo kapena cha nyumba iliyonse, ndipo Mzime akamalowa ankamunyamula kumudutsitsa pamwamba ngati masewera. Ankalimbirana ndi Telala ntchito yosesa madzulo. Thumba la kuseri kwa chitseko, limene kale linkadzaza osachedwa, linasiya kukwera. Choopsa kwambiri chinali fungo. M'mawa uliwonse, kunja kukadali mbuu, Telala ankadzutsidwa ndi fungo la nsalu yopserera lochokera kuseri kwa khitchini. Tsiku lina anadzuka mwakachetechete n'kukasuzumira. Anapeza kaphulusa kofunda, ndipo Kadzidzi anali kale pa mpopi ndi ndowa.

"Ukuotcha chiyani m'mawa muno?"

"Zinyalala, amayi."

"Zinyalala zonunkha maliro?"

Mtsikanayo anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena zambiri, koma anagwira pakhosi n'kuyamba kutsokomola. Atachotsa dzanja pakamwa, Telala anaona kaulusi kofiira konyowa katamatirira pa chala. Anadzitonthoza kuti osoka onse amadula ulusi ndi mano. Koma ankadziwa bwino kuti sabata imeneyo sanasoke chilichonse ndi ulusi wofiira.

Makasitomala anayamba kuchepa. Ena ankaima pamsewu n'kuitana Telala kuti akawayezere panja. Amene sanaope anali mwana wa Wagolosale, mtsikana wansangala amene ukwati wake unali pafupi, ndipo Telala ankamusokera diresi loyera. Tsiku limene Mkwatibwiyo anabwera kudzayesa diresilo, Mayi Wazopondera nayenso anatulukira, maso ali ofiira ndi misozi.

"Anzanga, ndabwera kudzapepesa," anatero atagwira manja a Telala. "Mtolo wanga wagwera inu. Mwanayu ndinamulera ngati wobereka ndekha, koma zimene ndinkaona m'nyumba mwanga, pakamwa sipanganene. Muli ndi mtima, a Telala. Ine ndikungokupemphererani."

Kadzidzi anali pakona akusita, ndipo sanatukule mutu. Mayiyo ananyamula thumba n'kuliyeza m'manja.

"Lapepuka bwanji masiku ano?"

"Ntchito yachepa."

"Pepani. Iii, koma aka n'kokongola!" Anatola kansalu koyera kamene kanali pa tebulo, kotsala ku diresi la Mkwatibwi.

"Tengani," anatero Telala. "Chidutswa chilibe mwini."

Simbi inagwa pansi, makala n'kumwazika. Kadzidzi anali ataimirira, akuloza kansaluko. "Musa..." Mawu anathera pomwepo. Anagwada n'kuyamba kutsokomola ngati wotsamwa ndi fupa, ndipo anthu atatuwo anaona ndi maso awo akusolola m'kamwa ulusi wofiira, wautali ngati mkono. Mkwatibwi anakuwa. Mayi Wazopondera anaphimba nkhope ndi manja.

"Mwaona? Ndi zimene ndinkanena zija," analira motero, n'kutuluka ndi thumba lake.

Mkwatibwi sanavale diresi lake. Patangopita masiku ochepa anagwa m'golosale ya bambo ake akugwira pachifuwa. Kwawo kunali piringupiringu wa achibale obwera kudzakonzekera ukwati, olowa ndi otuluka, ndipo iye ankalira kuti amuchotsere anthu pamtima. M'bandakucha wa tsiku limene anatsirizika, Telala anapeza mphasa ya Kadzidzi ilibe munthu. Mtsikanayo anabwera dzuwa litatuluka, diresi lonyowa ndi mame, nsonga za zala zikutuluka magazi. Pasanapite nthawi, kulira kunamveka kwa Wagolosale.

"Unali kuti?"

Mtsikanayo anabisa manja kumbuyo.

"Ndikufunsa iwe! Zala zakozo zatani?"

Kadzidzi anangogwetsa misozi. Telala anachita mantha enieni, chifukwa Mzime anali ataima pomwepo atagwira dzanja la asisi ake lamagazilo.

Atabwerako ku maliro, Alamu sanafunenso zokambirana. Anadikira kuti Kadzidzi apite ku mpopi, n'kukoka kachikwama kake pansi pa benchi. "Ngati inu mukuopa, nditsegula ndine." Anakakhuthulira pa tebulo lodulira. Munagwa zovala ziwiri, chipeso, ndi mulu wa tizidutswa ta nsalu. Telala sanafunike kuuzidwa. Aka kanali ka siketi ya Namwino, aka ka malaya a Wokonza njinga, aka ka bulauzi ya Alamu omwewo. Ndipo pambali, katakulungidwa pakokha m'pepala, panali kansalu kachikasu ka diresi latsopano la Mzime.

Telala anatola kansaluko n'kukayang'anitsitsa. Ukali unabwera pambuyo pake, ndipo unabwera wonse. Kadzidzi atangotula ndowa, anapeza kachikwama kake kali panja.

"Ndakudyetsa, ndakufunditsa, iwe n'kumasunga nsalu ya mwana wanga?"

"Amayi, chidutswa chili ndi..." Chifuwa chinamugwira.

"Lavula ulusi wakowo kutali! Choka!"

"Asisi asapite!" analira Mzime, koma Alamu anamukokera m'nyumba.

Mtsikanayo anayesa kufikira tizidutswa tija pa tebulo. Telala anamumenya dzanja, n'kutikusa tonse, kachikasu komwe, n'kutiponya m'thumba latsopano kuseri kwa chitseko, malo ake a masiku onse. Apa ndi pamene analakwitsa mayiyu, ndipo sanalakwitse chifukwa cha nkhanza. Manja a telala akaona chidutswa amadziwa njira imodzi yokha, ya ku thumba. Kadzidzi anaima pamsewu nthawi yaitali akuyang'ana chitseko, kenako anapita.

Nkhani inafika kwa Mayi Wazopondera dzuwa lisanafike pamutu. Anabwera kudzalimbikitsa mnzake, anamukumbatira, anamuuza kuti wachita zanzeru, ndipo pochoka ananyamula thumba ngakhale linali lisanafike ndi theka lomwe. Mawa lake madzulo anabweranso ndi mphatso.

"Chanu chija chatha, anzanga. Tayani, chinaona zoipa. Nachi chatsopano, muyambirenso bwino."

Anachiyala yekha pakhomo, n'kuchisalaza ndi manja. Telala anathokoza kuchokera pansi pa mtima. Anaperekeza mlendo wake mpaka pa mpopi, ndipo pobwerera, popeza pa mpopipo panali matope, anapukuta mapazi ake bwinobwino pa chopondera chatsopanocho, khwee, khwee.

M'kati, Mzime anakuwa.

Telala anamupeza atagwa pafupi ndi makina, manja ali pachifuwa, maso atatembenuzika. M'nyumba monse munkanunkha nsalu yopserera, chonsecho simbi inali yozizira.

"Mzime! Watani?"

"Amayi, mwandiponda."

"Ndakuponda pati? Ine ndinali panja!"

"Apa. Mwandiponda apa."

Alamu anamva kukuwako n'kuwoloka msewu chothamanga. Phazi lawo litangotera pakhomo, mwanayo anapindika n'kutulutsa kamawu kosweka. Telala anayang'ana mwana, kenako anayang'ana phazi la Alamu lili pa chopondera.

"Chokanipo! Musaponde!"

Anakwawa mpaka pakhomo. Zaka zonsezi ankaona zopondera za mayi uja m'makomo a anthu, koma sanaziyang'anepo ngati telala. Ndani amayang'ana chinthu chopukutira mapazi? Tsopano anachiyang'ana. Timizere ta m'mbali tinali ta nsalu zakale zosadziwika, zogula kumsika. Koma pakati penipeni, pamene chidendene chimatera, panali kamzere kamodzi kachikasu, komangidwa ndi ulusi wofiira. Anakumbukira chopondera cha kwa Butchala, ndi kakhaki ka epuloni yake pakati. Anakumbukira cha kwa Wagolosale, chimene anachiponda yekha popita kukapepesa maliro, chili ndi kadontho koyera pakati. Anakumbukira zala zamagazi za Kadzidzi, ndi kaphulusa ka kuseri kwa khitchini. Mwana uja sankasunga nsalu za anthu kuti awalodze. Ankaziba m'thumba n'kumaziotcha m'bandakucha kuti zisafike kumene zinkapita.

Anakoka kamzere kachikasu, koma mfundo inalimba ndipo Mzime anayamba kubanika. Anatenga sizasi. Chitsulo chitangokhudza ulusi wofiira, Alamu anakuwa kuti pakhosi pa mwana patuluka mzere wa magazi. Anayesa kunyamula chopondera chonse kuti achichotse panjira. Chinali chofunda, ndipo chinkalemera ngati mwana wogona tulo.

"Alamu, khalani pakhomo pano. Asaponde munthu, ngakhale nkhuku!"

Anathamanga opanda nsapato, mayi wamkulu, duku litagwa. Anafika ku nyumba yosamaliza kumanga kumene mbuzi zimagona, anafika pa siteji ya basi, anazungulira kuseri kwa sukulu. Ankafuna kuitana, ndipo apa ndi pamene manyazi anamugwira: mwana amene anagona m'nyumba mwake masabata onsewo, iye sankadziwa dzina lake lina koma lachipongwe lija. Anaitana lomwelo akulira. Anthu ankasuzumira m'mawindo n'kutseka makatani.

Anabwerera kukuda, mpweya utamuthera. Pakhomo pake anapeza Alamu atatukula mpini wa khasu, ndipo pansi, pafupi ndi chopondera, Kadzidzi atanyonyomala, dzanja limodzi litatchinga mutu. Sanapite kutali mwanayo. Anagona kuseri kwa khitchini yomweyo.

"Musiyeni, alamu!"

"Wabwera kudzamaliza mwana!"

"Ndati musiyeni!" Telala anagwada m'fumbi pamaso pa mtsikanayo. "Mwanawe, ndakulakwira. Unditukwane mawa. Lero ndithandize."

Kadzidzi sanamuyang'ane n'komwe. Analowetsa zala zake zazilondazo pansi pa chopondera n'kuyamba kumasula. Ankadziwa mfundozo, chifukwa anakula akuona zikumangidwa. M'makomo ena aja ankagwira ntchitoyi mobisala, ndi mantha, ndipo nthawi zonse chitseko chinkatsegulidwa asanamalize. Lero panalibe womuthamangitsa. Telala anamuunikira ndi nyali, Alamu anafungata Mzime, ndipo m'nyumbamo simunkamveka china koma kupuma kwa mwana kokhala ngati kwa mluzu.

Potsiriza kamzere kachikasu kanasololoka. Mtsikanayo anakaika m'manja mwa Telala. Koma Mzime sanatsitsimuke. Pakati pa chopondera panatsala kabowo, ndipo timizere tozungulira kabowoko tinayamba kugwedezeka tokha ngati mphutsi. M'dzanja la Telala kansalu kachikasu kankakoka, kufuna kubwerera.

"Chikufuna chiyani?" ananong'ona Alamu.

Kadzidzi anapisa dzanja m'chiuno mwa siketi yake n'kutulutsa kansalu kabuluu ka madontho oyera, komwe kaja anabwera atafumbata tsiku loyamba. Anakalowetsa m'kabowoko. Anatsokomola, n'kusolola ulusi wofiira m'kamwa mwake, n'kumanga nawo mfundo. Timizere tonse tinakhala bata. Kenako anasuntha pang'ono, n'kuyang'ana mapazi a Telala.

"Pondani," anatero movutikira.

Telala anamvetsa. Chinthucho sichikanasiya mwana chisanalawe phazi pa mwini watsopano. Iye anali asanaphepo kanthu koposa nkhuku. Anaganiza za manja ofunda amene anamukumbatira dzulo, anaganizanso kuti mwina akulakwitsa kachiwiri, kuti mwina mfiti ndi yomweyi yagwada apayi ndipo ikumugwiritsa ntchito. Ndani akanamutsimikizira? Kumbuyo kwake Mzime anakoka mpweya, ndipo mpweyawo sunabwerere.

Anaponda. Anaponda ndi mapazi onse awiri, n'kupukuta matope onse a m'mudzimo amene anathamangamo, khwee, khwee, khwee.

Kutali, cha kumapeto kwa msewu, kunamveka mfuu umodzi wautali wa munthu wamkazi. Agalu a m'mudzi monse anayankha. M'nyumba, Mzime anatsokomola n'kuyamba kulira kulira kwabwino, kwamphamvu, kenako anapempha madzi. Kadzidzi anawerama n'kulavula ulusi womaliza, umene kumapeto kwake kunali mfundo yaikulu ngati nyemba. Atalankhula, mawu ake anatuluka osalala, ndipo Telala anazindikira kuti anali asanawamvepo bwinobwino.

"Anandisoka pakamwa tsiku limene ndinawapezerera. Amati masiku a munthu wopondedwa amapita kwa iwo."

"Unadziwa liti?"

"Mochedwa. Choyamba anapatsa amayi anga, akadali mnzawo wa pamtima. Chinali ndi maluwa ofiira pakati." Anapukuta pakamwa. "Ndinkachiponda ndekha, tsiku lililonse pochokera kusukulu."

Telala anamukumbatira, ndipo analira onse awiri. Ngakhale Alamu, amene sankagonja pa mkangano, anabweretsa madzi ofunda n'kutsuka zala za mtsikanayo.

M'mawa anthu anapeza Mayi Wazopondera ali chagada pakhomo pake, kawaya kali m'manja, thupi litafota ngati la nkhalamba yotheratu. Pachifuwa panali matope ouma, ndipo m'matopemo munadinda phazi la munthu wamkazi, la chala chachikulu chopindika. Alamu anafalitsa nkhani ya timizere ta pakati, osatchula za phazi, ndipo pofika masana makomo onse anali mbee, opanda zopondera. Amene anataya abale analira kachiwiri, kulira kowawa kuposa koyamba, chifukwa tsopano ankadziwa mapazi amene anapha anthu awo. Telala, amene chala chake chinapindika ndi zaka zopalasa makina, anayamba kuvala nsapato zotseka ngakhale kukutentha.

Dalaivala atabwera anafuna kutenga mwana wake, koma mtsikanayo anakana. Anakhalabe kwa Telala, anabwerera kusukulu, ndipo madzulo ankaphunzira kudula. Thumba la kuseri kwa chitseko linachotsedwa. Kasitomala aliyense ankapatsidwa zidutswa zake zonse m'manja, mpaka kochepetsetsa, ndipo zotsala pansi Telala ankaziotcha yekha. Anayamba kumutchula mtsikanayo mwana wanga, ndipo ankanena kuchokera mumtima. Komabe nthawi zina, akamuona akumanga mfundo pa ulusi mwaluso lija, ankayang'ana kumbali.

Madzulo ena, akusesa monga mwa masiku onse, Telala anawerama kuti atole singano. Diso lake linagwera pa mpendero wa diresi limene anavala, lobiriwira, limene ankalikonda kuposa onse. Kumbuyo, cha m'munsi, panali pobooka. Sipanali pong'ambika ndi msomali kapena podyedwa ndi mbewa. Panali podulidwa ndi sizasi, mowongoka, kukula kwake ngati zala ziwiri.

Anawongoka pang'onopang'ono. Mtsikanayo anali pa benchi akuluka tsitsi la Mzime, ndipo Mzime ankaimba kanyimbo ka kusukulu.

"Mwana wanga, diresi langali..."

"Ndasunga ndine, amayi."

"Wasungiranji?"

Mtsikanayo sanasiye kuluka. Anakweza maso ake aakulu aja, odekha, opanda chidani ngakhale pang'ono.

"Musaope, kali pabwino. Sindingakuchiteni kanthu." Anamanga nsonga ya tsitsi la Mzime n'kuisalaza ndi chala. "N'kuti musadzandithamangitsenso."